Ana a mphaka ongobadwa kumene, make sakuoneka: ndiyambire pati?

Mlendo pano walemba:

Moni nonse. Ndili ndi funso lofunika yankho lamsanga. Mphaka wina wamkazi, yemwe si wathu kwenikweni koma amakonda kubwera kudzadya zotsala, waswera m'chipinda chomwe timasungiramo katundu, kuseri kwa makatoni akale. Ana alipo anayi. Maso awo sanatseguke, makutu ndi opindika, ndipo awiri mwa iwo akadali ndi kachingwe kouma pamchombo. Ndawatulukira chifukwa cha kulira kwawo, choncho tsiku lenileni lomwe anabadwa silikudziwika.

Chomwe chandidetsa nkhawa ndi chakuti make sindinamuone kuyambira dzulo madzulo. Ana atatu akulira kwambiri ndipo akukwawira uku ndi uku, koma kamodzi, komwe ndi kakang'ono kuposa onse, kangoti zii pambali, ndipo nditakakhudza ndamva kuti thupi lake ndi lozizira. Mnansi wanga akuti ndiwamwetse mkaka wa ng'ombe ndi supuni, pamene mwana wanga wamkulu akuti ndisawakhudze n'komwe, poti make akamva fungo la munthu adzawakana. Ine ndi mayi amene sindinaleleko mphaka, ndiye ndikupempha amene mukudziwa mundiuze chomwe ndichite poyamba, chakudya choyenera, komanso kuti ndiziwamwetsa kangati.

Mlezi wa amphaka wayankha:

Amayi, musanaganize za mkaka, thamangirani kamwana kozizirako, chifukwa m'masiku oyamba kuzizira kumapha msanga kuposa njala. Mwana wa mphaka wongobadwa kumene sangathe kusunga kutentha kwa thupi lake, ndipo m'masiku oyambirira satha ngakhale kunjenjemera. Kutentha konse amakupeza kwa make ndi kwa abale ake mpaka atakwanitsa masabata atatu kapena anayi. Kakhudzeni m'kamwa, kumakutu ndi kunsi kwa mapazi. Ngati n'kozizira, kaikeni pachifuwa panu mkati mwa malaya, kakhudzane ndi khungu lanu, ndipo muzikasisita mofatsa kwa mphindi 30 kapena ola lathunthu. Musakayandikize kumoto kapena kukaviika m'madzi otentha pofuna kufulumiza, pakuti kutenthetsa mwadzidzidzi kumakavulaza.

Musakamwetse mkaka kakadali kozizira. Thupi likazizira matumbo amasiya kugwira ntchito, mkaka umangokhala m'mimba osagayika, ndipo poti kamwanako sikameza bwino, wina umalowa m'mapapo. Ngati kalefuka kwambiri, sungunulani shuga pang'ono m'madzi ofunda, nyowetsani chala n'kukapaka m'nkhama. Dontho limodzi kapena awiri akwanira kukapatsa mphamvu podikira kuti kafunde.

Konzani katoni, yalanimo bulangete kapena nsalu yopanda ulusi wolendewera, popeza zikhadabo zawo sizibwerera m'kati pa msinkhu umenewu ndipo zimakola paliponse. Mbali imodzi ikani botolo la madzi ofunda lokulungidwa bwino m'nsalu, mbali inayo musiye popanda kanthu kuti akatenthedwa akwawireko. M'sabata yoyamba m'katonimo muzifunda madigiri 29 mpaka 32, kenako muzitsitsa pang'onopang'ono kufika cha m'ma 24 pofika sabata yachinayi. Ngati mulibe choyezera, anawo adzakuuzani okha: akaunjikana pamodzi uku akulira ndiye kuti akuzizidwa, akamwazikana kutali ndi botolo ndiye kuti kwatentha.

Za msinkhu wawo, kachingwe ka pamchombo kamagwa kokha pakati pa masiku atatu ndi asanu, pamene maso amayamba kutseguka pakati pa masiku 7 ndi 10. Anu sanakwanitse sabata. Kachingweko musakadule kapena kukakoka.

Mkaka wa ng'ombe ayi. Uli ndi shuga wa mumkaka wambiri kuposa amene kamimba kawo kangagaye, pomwe mapuloteni ndi mafuta ndi ochepa poyerekeza ndi mkaka wa mphaka. Zotsatira zake ndi kutsekula m'mimba, ndipo kanyama kolemera magalamu 100 kakatsekula m'mimba madzi amatha m'thupi m'maola ochepa chabe. Mkaka wa makanda a anthu nawonso suyenera. Funani mkaka wa ufa wopangidwira ana a mphaka, womwe umapezeka kwa a vetenale ndi kumene amagulitsa zakudya za ziweto. Usungunuleni monga momwe alembera pachitini, ufunditseni mofanana ndi thupi, ndipo dontheserani pang'ono pamkono panu kuti mumve ngati sukuotcha. Wotsala m'botolo mukatha kumwetsa tayani.

Supuni isiyeni, imatsamwitsa. Gwiritsani ntchito kabotolo ka ana a mphaka kapena sirinji yaing'ono yopanda singano. Bowo la kansonga ka botolo likhale lakuti mukazondotsa botolo mkaka uzingodontha pang'onopang'ono, osati kuchucha. Pomwetsa, kamwanako kagone chafufumimba pansalu, mutu utadzuka pang'ono, monga momwe kamagonera poyamwa kwa make. Musakagoneke chagada ngati khanda la munthu, ndipo musafinye botolo. Mukaona mkaka ukutuluka m'mphuno, siyani pomwepo, kapukuteni, ndipo mukamva kakupuma mophokosera pitani nako kwa a vetenale, chifukwa chibayo chimayamba motero. Kamene kakuyamwa bwino mudzakadziwa: timakutu timagwedezeka ndipo timiyendo takutsogolo timakanda m'mwamba.

M'sabata yoyamba amamwa maola awiri kapena atatu aliwonse, usiku womwe. Kamimba kawo kamalandira pafupifupi mamililita 4 pa magalamu 100 aliwonse a thupi, choncho ndi bwino kumwetsa pang'ono pafupipafupi kusiyana ndi kudzaza kamodzi. Akakwanitsa masabata awiri mungatalikitse kufika maola atatu kapena anayi.

Chomwe ambiri sachidziwa ndi chakuti ana amenewa satha kukodza kapena kuchita chimbudzi okha. Make amawanyambita kunsi kwa mimba ndi pansi pa mchira, ndipo ndi pamenepo pomwe zimatuluka. Inu tengani thonje kapena kansalu kofewa, viikani m'madzi ofunda, n'kumasisita pamalopo mofatsa nthawi iliyonse mukamwetsa. Mkodzo uyenera kutuluka pafupifupi nthawi zonse ndipo ukhale wotuwira. Ukakhala wachikasu kwambiri ndiye kuti madzi akuchepa m'thupi. Chimbudzi chimabwera mwina kamodzi patsiku. Mukatha, kapukuteni kaume.

Pomaliza pezani sikelo ya kukhitchini yoyeza magalamu. Ambiri amabadwa ndi magalamu 85 mpaka 115, ndipo wathanzi amawonjezera magalamu 10 mpaka 15 patsiku. Muziwayeza nthawi yofanana tsiku lililonse n'kumalemba m'kabuku. Maso amanyenga, koma sikelo imaonetsa vuto kamwanako kasanayambe kuoneka kodwala.

Wokonda ziweto wayankha:

Zonse zomwe amayi a pamwambapa alemba ndi zoona, ndipo za kamwana kozizirako chitani lero lomwe. Koma pa atatu enawo ndikusiyana nawo pang'ono, chifukwa alemba ngati kuti make wapitiratu, pamene umboni wa zimenezo palibe. Mphaka woyamwitsa, makamaka amene sanazolowere anthu, amachoka kwa maola angapo kukasaka chakudya, ndipo akaona munthu akuzungulirazungulira pamalo pomwe pali ana ake sabwera, amabisala pafupi n'kumadikira. Ana ambiri amene anthu amati ndi amasiye amakhala atalandidwa kwa make ali moyo.

Yang'anani anawo bwino. Ngati ubweya wawo ndi woyera, timimba n'totukuka ndipo pogona pawo ndi pouma, ndiye kuti wina akuwasamalira. Ana osiyidwadi amakhala akuda, onyowa ndi mkodzo, timimba tophwa, ndipo kulira kwawo sikulekeza. Njira yosavuta yodziwira ndi kuwaza ufa pang'ono pansi mozungulira pomwe agona, kusiya chitseko kapena zenera lomwe amalowera lotseguka, kenako n'kuchokapo osasuzumira kwa maola angapo. Mukabwerako mudzaona mapazi ngati anabwera. Podikirapo muwaikire botolo la madzi ofunda lija kuti asazizidwe.

Ndikulimbikira mfundoyi chifukwa palibe botolo lomwe lingafanane ndi bere la make. Mkaka woyamba wachikasu uja uli ndi chitetezo ku matenda, ndipo matumbo a kamwana amatha kuchilandira pa tsiku loyamba lokha. Ngakhale tsikulo litadutsa, make amawafunditsa, amawanyambita ndi kuwayamwitsa usiku wonse, ntchito imene munthu amatopa nayo isanathe sabata.

Zoti akamva fungo la munthu amawakana ndi nkhambakamwa chabe. Chomwe amachita akasokonezedwa kawirikawiri ndi kuwasamutsa, kuwanyamula pakhosi mmodzimmodzi kupita nawo kwina. Choncho sambani m'manja, agwireni pomwe pakufunikira, koma ana a m'nyumba musawalole kumakawaseweretsa. Ndipo ngati zitatsimikizika kuti make kulibe, funsani ngati pali mphaka wina woyamwitsa amene ana ake ndi a msinkhu wofanana, poti amphaka ambiri amalandira ana a mnzawo popanda vuto.

Mlendo pano wayankha:

Zikomo kwambiri amayi ndi abambo. Kamwana kaja ndinakafungatira monga munanenera, ndipo katafunda kanayamba kulira ndi kufunafuna bere pachala changa. Mkaka wa ufa ndaupeza ndipo kamwa pang'ono. Ufa ndinawazanso, ndipo m'mawa ndapeza mapazi olowa ndi otuluka. Nditasuzumira masana ndamuona make atagona, ana atatu akuyamwa. Kakang'onoko ndakabwezera ndipo wakanyambita, sanakakane. Ndamuikira madzi ndi chakudya pafupi.

Tsopano mavuto atsala ndi awa. Nditawayeza, atatu aja ali pakati pa magalamu 110 ndi 125, pamene kakang'onoko kali ndi 78 okha, ndipo kakafika pabere anzake amakakankha. Chachiwiri, powatembenuza ndaona utitiri ukuthamanga pamimba pawo, pomwe ubweya ndi wochepa. Ndili ndi mankhwala a utitiri a galu wathu, kodi ndingawapake pang'ono? Chachitatu, mmodzi mwa akuluakuluwo diso lake lakumanzere latupa ngakhale silinatseguke, ndipo pakona pali tinthu touma tachikasu. Mnansi uja akuti ndiphwanye kachidutswa ka parasetamolo ndimwetse, koma ndati ndiyambe ndafunsa.

Wothandiza kwa a vetenale wayankha:

Amayi, mwachita bwino kufunsa musanachite, chifukwa zinthu ziwiri zomwe mwatchulazo zonse ndi zakupha. Parasetamolo asalowe m'kamwa mwa mphaka, wamkulu kapena wamng'ono. Chiwindi cha mphaka sichitha kuwaphwanya monga chimachitira cha munthu, ndiye amawononga magazi moti salandiranso mpweya bwino, nkhama zimada, nkhope imatupa, ndipo ngakhale mphaka wamkulu angathe kufa ndi piritsi limodzi. Mankhwala ambiri a utitiri a agalu ali ndi chophera tizilombo chotchedwa permethrin, chomwe chimagwira mitsempha ya mphaka n'kuyambitsa kunjenjemera ndi kukomoka. Ngati galu wanu mwangomupaka kumene, asayandikire kumene kuli amphakawo.

Utitiriwo musauderere. Pa kanyama kakang'ono chotere umayamwa magazi okwanira kukapha, ndipo amene ali pachiopsezo kwambiri ndi wa magalamu 78 uja. Tukulani mlomo wake muone nkhama: zathanzi zimakhala zofiirira, zikatuwa ndiye kuti magazi achepa ndipo akufunika a vetenale tsiku lomwelo. Pa msinkhu uno njira yabwino ndi ya manja. Tengani chipeso cha mano othinana, muzipesa mofatsa, ndipo utitiri womwe mwagwira muziuponya m'kapu ya madzi a sopo. Chitani zimenezi tsiku lililonse, sinthani nsalu zogonera n'kuzichapa m'madzi otentha, ndipo sesani bwino chipindacho, chifukwa mazira ndi mphutsi za utitiri zimakhala pansi ndi m'nsalu, osati pathupi. Kuwasambitsa ndi chinthu chomwe ine sindilimbikitsa pokhapokha utitiri utachuluka zedi, popeza akanyowa amazizidwa msanga. Gwero la utitiriwo ndi make, choncho funsani a vetenale mankhwala omwe ndi ololedwa kwa mphaka woyamwitsa.

Diso lotupalo ndi matenda omwe amayamba zikope zisanatseguke, mafinya n'kumaunjikana m'kati. Mungathe kuviika thonje m'madzi owiritsa omwe afunda n'kuliika padisopo mofatsa kuti zouma zifewe, diso lililonse thonje lakelake, koma musalikanule mokakamiza. Mwanayo mupite naye kwa a vetenale mawa lisadutse, atafunditsidwa bwino panjira, kuti akatsegule ndi kutsuka disolo n'kupereka mankhwala oyenera. Likachedwa mafinya amawononga diso ndipo limatha kuchita khungu. Mankhwala a maso otsala a anthu musagwiritse ntchito, chifukwa ena ali ndi zinthu zomwe zimakulitsa chilonda cha m'diso.

Make nayenso muzimuyang'ana. Woyamwitsa amadya kuwirikiza kawiri kapena katatu kuposa masiku onse, ndipo chakudya chomuyenera ndi chomwe chimapangidwira ana a mphaka, chifukwa n'champhamvu, madzi asasowe. Ngati akulolani kumukhudza, onani mawere ake: bere lolimba, lotentha, lofiira kapena lopweteka ndi chizindikiro cha matenda. Akasiya kudya, akamatulutsa zonunkha kumaliseche, kapena akayamba kunjenjemera ndi kuyenda moumika miyendo, musadikire kuti kuche.

Za m'tsogolo ndingokupatsani mwachidule. Maso akatseguka amakhala obiriwira ngati mtambo ndipo saona bwino, choncho chipinda chisawale kwambiri. Mano akutsogolo amamera pa masabata awiri kapena atatu, ndipo mankhwala a njoka za m'mimba amayambidwa cha pomwepo, chifukwa njoka zina amazitenga kudzera mumkaka wa make. Mlingo wake umatengera kulemera, ndiye kabuku kanu kadzathandiza. Pa masabata atatu kapena anayi amayamba kuchita chimbudzi okha, ndipo mungawaikire chotengera chosaya chokhala ndi mchenga wosaumbika, popeza amakonda kulawa. Pa masabata anayi amayamba kunyambita chakudya chofewa chosakaniza ndi mkaka wawo uja. Katemera woyamba amabayidwa pakati pa masabata 6 ndi 9, wa chiwewe pa masabata 12. Musapereke mwana aliyense kwa munthu asanakwanitse masabata 8.

Mlezi wa amphaka wayankha:

Ndasangalala kuti make wabwera, ndipo abambo aja ananena zoona. Funso la kakang'onoko silinayankhidwe, ndiye ndiwonjezerepo. Musakachotse kwa make, koma muzikathandiza m'njira ziwiri. Make akagona kuti ayamwitse, chotsani akuluakulu awiri muwaike m'katoni yofunda kwa mphindi 10 kapena 15, kakang'onoko mukaike pabere lakumbuyo, chifukwa mawere oyandikira miyendo yakumbuyo ndiwo amakhala ndi mkaka wambiri. Kenako muzikawonjezera mkaka wa m'botolo kangapo patsiku, kakatha kuyamwa osati kasanayamwe, kuti kasazolowere botolo n'kusiya bere. Mukakatenga musachedwe nako, ndipo mukabwezere kakadali kofunda.

Magalamu 78 ndi ochepadi, koma chofunika kwambiri ndi kumene nambalayo ikulowera. Kakamawonjezera ngakhale magalamu 7 kapena 8 patsiku, kali panjira. Kakaima tsiku lathunthu kapena kutsika, kakasiya kuyamwa, kapena kakayamba kulira mofooka kosalekeza, musayese njira zina zapakhomo. Poti mukupita kale kwa a vetenale ndi wa diso uja, katengeninso kakaonedwe m'kamwa, chifukwa ena amabadwa ndi mng'alu kumwamba kwa m'kamwa ndipo mkaka umangotulukira m'mphuno ngakhale mutamwetsa mosamala chotani. Ndikuuzeninso mosabisa kuti tiana tina timafa ngakhale munthu atachita zonse moyenera.

Wokonda ziweto wayankha:

Pali chinthu chimodzi chomwe sichinatchulidwe. Popeza make ndi wosazolowera anthu, anawo adzatengera khalidwe lake ngati simuchitapo kanthu. Nthawi imene mphaka amaphunzira kukhulupirira munthu ndi pakati pa masabata 2 ndi 7. Ikadutsa, kumuweta kumavuta kwambiri. Choncho maso akangotseguka muziwanyamula mofatsa kwa mphindi zingapo tsiku lililonse, make akuona, ndipo pamene ayamba kuyenda mulole anthu ena a m'nyumba aziwagwira atakhala pansi.

Ganiziraninso za make. Bere la mphaka limatenga masiku 63 mpaka 65 okha, ndipo angathe kutenga lina akadayamwitsa. Pomwe mukukaonetsa diso lija, funsani tsiku loyenera la opaleshoni yomutseka, yomwe kawirikawiri imachitika ana akasiya kuyamwa. Anawonso asachedwe, chifukwa mphaka wamkazi amatha kutenga bere ali ndi miyezi inayi yokha. Kuyambira pano muzimudyetsa pamalo amodzi ndi nthawi yofanana, ndipo mbale yake muziika mkati mwa bokosi lomwe mudzamunyamulire, chitseko chake chili chotseguka, kuti tsikulo likadzafika adzalowemo yekha.